Netiweki ya Pamwamba pa Bafa la Apongozi

Pali zinthu zina zimene mkamwini sayenera kuchita ngakhale atapenga, ndipo ine ndinachita chimodzi mwa izo dzuwa likuswa mtengo. Banja langa linatsala pang'ono kutha chifukwa cha mpira wa pakanema.

Alamu anga a Dyson pochokera ku Joni anabwera ndi makina a gemu, aja olumikiza ku kanema n'kumasewera mpira ndi anthu akutali. Magetsi sinali nkhani, sola ilipo. Vuto linali netiweki. Kwathu kuno ku Kalembo (ndati kwathu, koma ndi kwawo kwa akazi anga, ine ndine wobwera) tinkalumikiza gemuyo ku foni yanga, koma wosewera ankangouma mwendo uli m'mwamba. Pomadzatsitsimuka, atichinya kale.

Tinayesa kuzimitsa n'kuyatsanso. Tinaika foni pawindo, kenako m'sefuliya (wina anatiuza kuti chitsulo chimakoka netiweki, bodza lamkunkhuniza). Mapeto ake alamu anati, "Netiweki imakonda pamwamba, alamu. Takwerani mumtengo wa mangowo, ine ndiziona pakanemapa."

Ine, bambo wa ana atatu, n'kukweradi.

"Kwerani pang'ono!" ankakuwa alamu pawindo. "Eya! Yayamba kuthamanga! Musasunthenso!"

Ndinakhala panthambi, foni m'mwamba, mtima uli mbee. Poyang'ana pansi m'pamene ndinazindikira kuti nthambi yangayo ili pamwamba penipeni pa bafa la apongozi anga, laudzu lija lopanda denga. Ndipo apongoziwo anali akubwera, ndowa kumutu, sopo m'manja.

Abale inu, thukuta linatuluka mpaka kuzigongono. Ine ndi mayi amenewa sitiyang'anizana n'komwe, tikakumana panjira ndimapatuka n'kunjuta. Nditsike? Nditsikira m'bafa momwemo. Ndikhale chete? Akangondiona, palibe nkhoswe amene angamve zoti ndimasaka netiweki. Ndinaona kale katundu wanga ali pakabaza, ulendo wobwerera kwathu ku Nselema, ana atatsala.

Analowa, natula ndowa, nagwira mpango wakumutu. Ndinatsinzina mwamphamvu n'kukuwa:

"Odi, amayi!"

Kenako ndinamva mawu: "Odiyo akuchokera kuti?"

"Kumwamba kuno, amayi. Ndine bambo a Chisomo. Ndatsinzina."

Ndinayesa kunjuta mwaulemu panthambi pomwepo, patapata mmodzi n'kugwera m'ndowa mwawo, chubwi! Apo n'kuti alamu akukuwabe, "Mwasunthiranji? Yaumanso!"

Apongozi anatuluka m'bafamo, nakaima potero atandifulatira. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ndipo ndinati basi, akulira, zanga zada. Kani ankaseka.

"Tsikani, bambo, mungathyoke," anatero. "Mwachita bwino kuyankhula. Mukanakhala chete, lero bwenzi mukukagona kwa ankhoswe anu."

Sindinayambe ndapumapo mpweya wokoma ngati umenewo. Ndinatsika n'kukatunga madzi ena ndekha kumjigo, azimayi onse akundiyang'ana. Akazi anga anandinyanyalira mpaka madzulo, kenako nawonso anaphulika kuseka.

M'mawa mwake apongozi anatuma uthenga kuti bafa lisamukire kuseri kwa khola, ndipo womanga ndi ine. Ndinalimanga mokondwa, n'kuikapo ndi denga lomwe.

Mwina mukuganiza kuti gemu ndinasiya. Iyayi. Foni imakwerabe mumtengo muja tsiku lililonse, koma pano imakwera yokha, m'kajumbo, pachingwe. Mwini wake ndimatsala pansi.