Wotchi ya a Gondwe pa damu la Luwawa

Anzanga, pakamwa panga ndi pamene panandigwetsa m'madzi. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yocheka matabwa ku Luwawa, khadi la chipani lili m'thumba ngati wina aliyense, ndipo ndinkafunsira mbeta mwana wa a Jere. Bambo ake analibe nane vuto, koma mayi ake, a NyaMoyo, ankauza aliyense kuti anthu akunyanja ndi pakamwa pokha. Popanda iwo kuvomera, ukwati panalibe. Ndiye akuluakulu a pakampu atalengeza kuti pa tchuthi antchito adzapikisana kuwoloka damu, ndinati mwayi ndi umenewu. Ine wa ku Nkhotakota ndingagonje kwa anthu oopa ndi chithaphwi chomwe?

Koma katswiri sangodzigwetsa m'madzi, amayamba wadziwa liwiro lake. Wotchi pakampu ponse anali nayo a Gondwe okha, oyendetsa thirakitala, ndipo ankaisamala kuposa mwana. Ndinawapempha kuti andiyeze liwiro.

"Wotchi yane yikukhwaska maji chara," anatero m'Chitumbuka, kunena kuti wotchi yawo siikhudza madzi. "Ine ndikaima tsidya lija, iwe ukuwe poyamba, mbwenu ine ndiwerenga."

Tinapangana zoyeza m'mamawa, kuti pasakhale maso a anthu. Amene munakhalako ku Viphya mukuidziwa nkhungu yake, yoti dzanja lako lomwe sulionanso. Ndinakuwa kuti ndayamba, sindinamve yankho, koma ndinadziponya basi. Madzi ake, abale, si aja ofunda akwathu. Mano anayamba kuombana okha, koma ndinati katswiri sabwerera.

Nditapita pang'ono ndinamva kuti chinachake chikundikoka. Kabudula wa kaki wakuntchito uja anali atamwa madzi n'kulemera ngati thumba la chimanga. Ndinaganiza mwanzeru zanga zonse kuti uyu akundidyera mphindi, ndipo tsidya kuli a Gondwe okha, mwamuna mnzanga, chamanyazi n'chiyani? Ndinamuvula kuti ndimumange pamutu, zala zouma ndi kuzizira zija zinamutaya, wapita pansi. Sindinadandaule ngakhale pang'ono, thupi linapepuka, ndinkangong'amba madzi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti sowo inandilimbitsa dzanja lamanja kuposa lamanzere. Munthu wotero akamasambira osaona kutsogolo amakhota pang'onopang'ono ngati ng'ombe yapagoli yopanda inzake. Posakhalitsa bondo linagunda matope. Mtima unadumpha ndi chimwemwe, ndinati liwiro ili ngakhale kwathu sindinalionepo. Ndinaimirira, madzi akulekeza m'mawondo, manja m'mwamba, n'kukuwa ndi mawu onse:

"A Gondwe, imitsani wotchi! Mwaona zimene amachita amuna?"

Kamphepo kanakankha nkhungu ija. Kutsogolo kwanga kunalibe a Gondwe. Kunali amayi a kumpingo atazungulira mabeseni, akuchapa nsalu za m'tchalitchi, mbali yomwe ija ndinayambira, ndipo pakati pawo, sopo m'manja, a NyaMoyo. Kumeneko mkamwini ndi apongozi sayang'anana n'kumaso komwe, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Nanga ine ndikanapatukira kuti? Ndinakhala pansi m'matopemo, madzi osafika ndi pamchombo pomwe, ndikulakalaka ng'ona imene ku Luwawa kulibe.

Amayi ena anathawa akuseka. A NyaMoyo anatembenuka, n'kuponya chitenje chakumbuyo osandiyang'ana.

"Yewo, adada," anatero. "Mwafulumira chomene."

Ndinadutsa pakampu ponse nditavala chitenje cha maluwa. A Gondwe anatulukira dzuwa lili pamutu, atazizidwa, atakwiya, n'kundifunsa ngati aimitse wotchi kapena ndikadali m'njira.

Mpikisano sindinapite, ndinati ndili ndi chifuwa. Ndinkadziwa kuti ukwati wapita ndi kabudula uja, ndipo zinandiwawa zedi chifukwa mtsikanayo ndinkamukonda. Koma ankhoswe atapita kukamva mawu omaliza, a NyaMoyo akuti anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mutoleni waka mwana. Mnyamata uyu palibe chimene watibisira."

Mpaka lero sindidziwa kuti ndimasambira liwiro lanji, ndipo sindidzayezanso. Ndikafuna madzi, mayi a ana amanditenthetsera m'beseni, chitseko chili chokhoma.