Hita ya ku Joni ndi Bulangete Lalikulu

Lolemba

Ine ndine Namakhwa wa ku Likhubula, zaka 78. Ndidakalambira m'phiri, kusenza katundu wa alendo kukwera naye ku Chambe. Lero katundu wandipeza pakhomo: mwana wathu Esinta watitumizira hita ya gasi kuchokera ku Joni. Chinthu chakuda, chofika m'chiuno, matayala anayi, botolo la gasi chabereka kumsana.

Chafika bwino. Chiperoni chatigwira, phiri silikuoneka, ndipo make Esinta akuti mawondo awo atopa ndi chipinda chasimenti. Akufuna kusamukira kukhitchini, kumene kuli moto ndi mbuzi, mpaka nyengo yozizira ithe. Ndi bulangete lalikulu lomwe! Chikwatiranireni, ine ndikakhala pamudzi, sitinagonepo nyumba ziwiri.

Ndapempha kuti andidikire mpaka Lamulungu. Avomera ndi mphuno.

Ndapotokola batani. Ikuti tha! tha! tha! Moto palibe.

Lachiwiri

Moto ndi moto, ngakhale wa ku Joni. Zomwe ndayesa:

kuuzira. Ndagwada, ndauzira mpaka chizungulire.
kukupiza ndi chivindikiro cha ndowa.
kuikhazika pa mafuwa. Matayala anayi, mafuwa atatu. Yagwa chagada.
kuilankhula Chilomwe. Kenako Chizungu cha m'phiri, chija tinkalimbikitsira alendo akakhala pansi pamtunda.

Tha! tha! tha! basi.

Make Esinta akudutsa ndi nkhuni pamutu: "Bambo ake Esinta, mukamaliza kucheza ndi mlendo wanuyo, mbuzi zikudikira."

Lachitatu

Matenda ndawapeza! Ndaika mphuno pakamwa pa botolo. Fungo la dzira lovunda. Nanga ulendo wonsewo, pa lole, kudutsa dzuwa la ku Tete? Ngakhale nsomba youma ikadasintha. Gasi waola m'njira.

Ufa ukayamba kafungo timauyanika kuti mphepo ipitemo. Ndasenza botolo kupita nalo kuseri kwa nthochi, kutali ndi khitchini, paja Esinta adati lisayandikire moto, ndipo ine ndimamva. Ndatsegula. Psssss! Nkhuku zabalalika. Galu wayetsemula n'kupita kwa aneba. Ine ndakhala komwe kukuchokera mphepo, ndikutafuna chinangwa, osafulumira. Ntchito yotere safulumira nayo.

Phokoso litafooka ndatseka. Fungo latha! Botolo lachita thukuta lozizira ngati madzi a mu Likhubula, komanso lapepuka bwino. Zovunda zonse zatuluka.

Make Esinta amaonerera ali pakhonde. Ndikuganiza kuti agoma.

Lachinayi

Tha! tha! tha!

Hita ndaigwira pamutu. Zii! Ikuzizidwa kuposa ife. Wonjenjemera angafunditse bwanji anzake? Ku Chambe mlendo akauma ndi chisanu tinkayamba kumukulunga, zolankhula pambuyo. Ndaigoneka pamphasa, ndaifunditsa bulangete lalikulu.

Make Esinta: "Bulangete langa limenelo?"
Ndati masana okha.

Tsono amayi a kutchalitchi, pochokera ku mapemphero awo a Lachinayi, apatukira kuno kudzaona chinthu cha ku Joni. Alowa. Apeza chinthucho chili gone m'bulangete, ine ndili pambali dzanja patsaya. Akudziwa bwino kuti ndi hita. Komabe munthu ukapeza zotere miyendo imadziwa yokha: akhala pansi, atambalala. Patapita nthawi wina wafunsa motsitsa mawu: "Zayamba liti?" Ndati Lolemba. Onse: "Pepani."

Aimba nyimbo imodzi. Sindikanawaletsa.

Lachisanu

Anthu akubwera kudzazonda. Zafika: nthochi, nanazi, chigubu cha thobwa, nyemba za kalongonda m'kambale. Odwala sakudya, tikudya ndife.

Malangizo:
Alamu anga a Muhiwa akuti ithiridwe parafini pang'ono, ikumbuke ntchito.
Amayi ena akuti yasowa kwawo, tiyilozetse kummwera. Tailozetsa.
Mnzanga wa m'phiri akuti tikwere nayo ku Chambe ikaone kuzizira kwenikweni, ichite manyazi. Tayang'ana mawondo athu. Tasiya.

Shuga watha ndi tiyi wa alendo. Wophika tiyiyo ndi make Esinta, ndipo nkhope yawo sindikuikonda. Akusamutsa zinthu mwakachetechete. Pilo wapita. Wailesi yapita. Ndafunsa, akuti zikungowotha moto.

Loweruka

Alamu abwera ndi a Zuze a ku Limbuli, okonza mafiriji, panjinga. Avundukula bulangete popanda ngakhale moni kwa odwala. Adina batani mkati, osalisiya. Kani sapotokola pokha, amadinikizanso n'kudikira!

Fuu! Moto! Wobiriwira ngati thambo, waung'ono, wokongola. Ndakuwa: "Make Esinta! Thamangani!"

Make Esinta sathamanga. Adzuka, akonza chitenje, atsamira khoma, abwera ndi mawondo awo aja. Pofika pakhomo moto wati phethi phethi, zii.

A Zuze anyamula botolo ndi zala ziwiri. "Nada, madala. Mulibe kanthu umu. Adakutumizirani lopanda gasi?"

Ine ndikuyang'ana denga.

"Afunseni za Lachitatu," atero make Esinta, n'kutenga bulangete.

Ndafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira dzuwa la ku Tete. A Zuze atuluka panja kukatsokomola nthawi yaitali. Pobwera akuti gasi amanunkha dala, fungolo amachita kuikamo. Munthu wanzeru zake kuthira fungo m'chinthu chogulitsa! Akuti gasi wina akapezeka ku Limbe, botolo lipite pa minibasi, ngati kondakitala angalole, ndiponso ngati kumeneko aliko.

Lamulungu

Pochoka kutchalitchi ndapeza bedi lili mbee. Pangano ndi pangano.

Ndakhala pabedipo pang'ono, ine ndi hita, tonse ozizira. Kenako ndapinda mphasa yanga, ndaisenza, ndakaima pakhomo la khitchini ngati mlendo. Odi.

"Malo alipo," atero make Esinta osandiyang'ana, "koma mbuzi yaikuluyo idayamba ndiyo kufika."

Choncho pafupi ndi moto pali make Esinta, kenako mbuzi, kenako ine, msana kuchitseko. Utsi ukuliza maso. Kamwana ka mbuzi kakutafuna kolala ya jekete langa. Nyumba yonse ya malata, zipinda zake ndi simenti yake, tasiyira hita.

Esinta mwanawe, mapepalawa ndimalembera ndekha, koma ndaona kuti ndikutumizire, udziwe mmene mphatso yako ikukhalira. Amayi ako akuti ndisalembe zoti mvula yamawawa itayamba masana ano anaponya nsonga ya bulangete kudumphitsa mbuzi mpaka pamiyendo panga. Ndiye sindilemba.

Undiyankhe msanga, undiuze zoona: kodi kumeneko anthu amawothadi chinthu chonunkha chotere? Yankho lako aliperekere kukhitchini. Kunyumba kulibe wowerenga.