Gaga wa pa Chinkhoswe cha Wyson

Mwambi mukuutchula mosekawu unayamba motere, achinyamata inu, ndipo mwini wake akali moyo, choncho muzisekera chamumtima.

Ku Kanengo kunali chigayo china chachikulu chimene chinkagulitsa ufa woyera, gaga ndi mpunga kudzera pa foni. Munthu akaitanitsa katundu, nambala ya katunduyo inkaoneka pa kompyuta ya kunkhokwe, anyamata n'kukweza matumba pa lole. Matumba onse anali ofanana, osokedwa pakamwa, osiyana nambala yokha. Amene ankalemba pulogalamu yoyendetsa zonsezi anali Wyson Kapalamula, mnyamata wa mutu wakuthwa koma wosakhazikika. Chilichonse ankachiyamba ndi mawu akuti "Ndifulumire," mpaka anzake anaiwala dzina lake lenileni, n'kumangomutcha Ndifulumire.

Tsono pantchitopo panali lamulo. Pulogalamu ikasinthidwa, inkadutsa m'makompyuta akuluakulu atatu otchedwa maseva. Yoyamba ankaitcha yophikira, chifukwa m'menemo Wyson ankalemba ndi kufufuta mmene wafunira. Yachiwiri inali yolawira, ndipo mwini wake anali Mayi Nankhoma, amene ankaitanitsa katundu mongoyerekeza kuti aone ngati zonse zikuyenda. Yachitatu inali ya anthu onse, yoyendetsa malole enieni. Chosalawidwa sichinkaloledwa kufika kumeneko, ngakhale chichepe bwanji.

Lachisanu lina mtima wa Wyson sunali pantchito. M'mawa mwake kunali chinkhoswe chake ku Lizulu, kwawo kwa Elube, mtsikana amene anamufunsira movutikira kwambiri. Koma abwana anali atanenetsa kuti sachoka mgaiwa, umene chigayocho chinkafuna kuyamba kugulitsa, usanayambe kuoneka pa foni za ogula. Wyson anauika mgaiwawo pamwamba pa mndandanda wa katundu yense mu pulogalamu, n'kuthamangira kwa Mayi Nankhoma.

"Mayi, tangovomerezani chabe, ndifulumire. Ndangowonjezera kamzere kamodzi."

"Kamzere komweko ndikalawe, achimwene. Ndikabwera ku nkhomaliro ndiyamba ndi inu. Mukwera basi yamadzulo."

"Yamadzulo? Mayi, kodi munakwatiwapo inu?"

"Ndinakwatiwa, ndipo ndinadikira," anatero mayiwo akunyamula kachikwama kawo.

Wyson anatsala akuyang'ana wotchi. Anakumbukira kuti ali ndi mawu achinsinsi otsegulira seva yachitatu, amene abwana anam'patsa kuti azigwiritsa ntchito pa ngozi yokha. "Kodi chinkhoswe si ngozi?" anadzifunsa, n'kudziyankha yekha. Anatenga pulogalamu kuchokera mophikira, kulumpha molawira, kukaiponya kwa anthu onse. Mgaiwa unaonekadi pa foni. Anadziwombera m'manja.

Chimene sanaone n'chakuti mgaiwa uja, pokhala pamwamba, unakankhira anzake onse pansi. Ufa woyera unatenga nambala ya gaga, gaga n'kutenga ya mpunga, pamene matumba a kunkhokwe anali ndi nambala zakale zomwe zija.

Ndiye poti tsoka sasimba, woyamba kugula anali iye mwini. Anali atalonjeza apongozi ake kuti za ufa asavutike nazo, asakonole ngakhale chimanga, iye atumiza ufa woyera wa mumzinda. Anauitanitsa, n'kuthamangira basi yamasana ali mluzu pakamwa.

Loweruka m'mawa lole inafika ku Lizulu. Wyson anaima pabwalo atavala suti, chifuwa patsogolo, amayi akululuta. Mayi wina anamasula thumba loyamba. Nthungululu zija zinathera m'khosi. Anamasula lachiwiri, lachitatu, onse gaga yekhayekha.

A Chitsulo, malume ake a Elube, anatapa gagayo m'manja, n'kumupeta pang'ono ndi mpweya.

"Akamwini, mwationa ngati nkhuku kapena nkhumba?"

"Ayi malume, ndi kompyuta yalakwitsa."

"Kompyutayo inadzituma yokha?"

Asanayankhe, foni inalira. Anali abwana, ndipo ankamveka mpaka kuseri kwa nyumba. Eni magolosale anali atadzaza pachipata cha chigayo ndi matumba a gaga, pamene mlimi wina wa nkhumba anaimba kuthokoza kuti ziweto zake sizinadyepo mpunga wabwino chotere. Mayi Nankhoma anali atabwezeretsa kale pulogalamu yakale, koma malole anali atapita.

Wyson anagwada. Anafotokoza zonse, za maseva atatu, za yolawira imene anailumpha, za basi yamadzulo imene anaikana. A Chitsulo za maseva sanazimve, koma za kulawa anazimva bwino lomwe.

"Ndiye kuti munapakulira dziko lonse musanalawe? Chabwino. Mulawira pano."

Anam'phikira phala la gaga, lopanda shuga, n'kumuikira pakati pa bwalo. Wyson analidya lonse, suti ili m'thupi, makoko akum'kanda pakhosi, alendo akumuyang'ana ndi njala yawo. Ankameza mwamphamvu poganiza kuti mbale ikatha, mlandu uthanso.

Koma Elube sanaseke nawo. Anabwera pafupi, maso ali ofiira, n'kulankhula motsitsa.

"Mayi anga anafuna kukonola chimanga, inu munawaletsa. Lero achita manyazi pamaso pa mudzi wonse. Zonsezi chifukwa cha basi yamadzulo? Munthu wolephera kudikira basi, adzandidikira ine ndikadzadwala?"

Chinkhoswe chinaimitsidwa kuti akuluakulu akambirane. Akukambiranabe choncho, Elube anakwatiwa ndi mphunzitsi wina wa ku Tsangano, munthu woyenda ngati akuwerenga mapazi.

Ntchito sanam'chotse, anangomulanda mawu achinsinsi aja. Mpaka lero ali komweko, imvi zili mbuu, wosakwatira. Mukam'peza Lachisanu masana, amakhala phee pafupi ndi seva yolawira, kudikira. Kudikira anakuphunzira bwino kwambiri, koma amene ankafuna kumudikirayo anapita kalekale, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni.

Ndiye inu mukadzamva chala chikuyabwa kuti mulumphe polawira, mudzakumbuke mbale ija ya ku Lizulu. Paja akuti, Ndifulumire adadya gaga.