Ndinalondola Mchere wa Atate Mpaka Kunyanja Yaikulu

Atate, gonani bwino, ndipo aliyense waima pamanda pano amene akuti ndikunama abwere adzanditseke pakamwa.

Moyo wanu wonse munkatcheza mchere kudambo la ku Mlolo: kupala dothi loyera, kuliika mumphika woboola pansi, kuthira madzi, kuwiritsa odonthawo mpaka aphwe, mchere n'kutsala. Munkati nyanja yaikulu ndi ntchito yomweyi: mvula imatcheza nthaka ndi miyala, mitsinje imanyamula, dzuwa limawiritsa. Aphunzitsi a Tembo anakusekani pakhomo pa tchalitchi. "Akulu, munaiona liti nyanjayo? M'nyanjamo munamira sitima ya Azungu yodzaza mchere, basi!" Kuyambira pamenepo ngakhale ana ankakutchani a Mphikawanyanja. Mutagona pamphasa miyendo itatupa munandiuza kuti, "Lazaro, ndikufa ndili wabodza."

Ine, wolekezera Sitandade 2, ndinakana kuti mufe muli wabodza.

Ndinatenga kanjere kamodzi ka mchere wanu, n'kukamanga ulusi wofiira m'chiuno, n'kukaponya mumtsinje wa Nsadzu, ine pambuyo ndi njinga yanu yopanda mabuleki ija, ndipo kanjereko kanasungunuka koma ulusi sunakataye, timvekere liwiro mpaka pamalire, pamene msilikali wa Chipwitikizi anafuna chitupa, ine n'kumira nayo njinga, kupalasa pansi pa madzi masiku atatu ndikupuma mpweya wa m'tayala lakumbuyo. Mukumva? Pa Zambezi ng'ona inameza ulusi wanga, ine sindinakambe zambiri, ndinalowa kukamwa ndikuliza belu, ndinapeza m'mimbamo mbuzi ziwiri ndi Mmwenye akusokabe malaya pamakina, ndinamupatsa moni, n'kutulukira kumchira ulusi uli m'manja.

Kenaka nyanja, atate! Madzi opanda tsidya. Ndinaona ndi maso angawa mitsinje yonse ya padziko itandanda ngati alimi pamsika wa mtedza, uliwonse ukukhuthula mchere umene wanyambita m'miyala ya kwawo, wathu wa ku Mlolo nawo pomwepo, dzuwa litagwada likusonkhezera moto, nthunzi ikukwera, mchere ukutsala. Sitima ya a Tembo ija ndinaifunafuna, ndinasesa pansi pa nyanja yonse kuyambira m'mawa mpaka masana, ndinangotola supuni imodzi yopindika. Mukumva inu mwaima kumbuyoko? Supuni! Ndinatunga madzi m'botolo, ndinagwira nthunzi ija ndi dzanja limodzi, njinga ku dzanja linalo, mtambo n'kundinyamula, n'kudzanditaya ndi mvula yoyamba m'munda wa mtedza ku Pembamoyo, ndipo dzenje limene ndinagwerapo anthu akutungapo madzi mpaka lero.

Ndinakudonthezerani madziwo palilime. Munatseka maso, munatafuna pang'ono, n'kunena kuti, "Ndi wakwathu uyu. Wa kumunsi kwa dambo." Munaseka, atate, mano anu atatu aja onse poyera. M'mawa mwake munapita nkhope ili yosalala ngati ya mwana, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Ndikugona tulo. Ndikudya.

Ichi chokha ndinong'one. Kumene muliko mwina akuuzani kale kuti madziwo ndinatunga pachitsime cha ku Zingalume, mcherewo n'kutapa m'chikho chanu chomwe. Musandiyalutse. Nzeru zanu zinali zoona, chinachepa ndi njinga.

Tsopano imvani amene sanabwere kudzakuikani tsiku lija. A Tembo akuti anali ndi mayeso a ana. A Zulu, mkulu wa mpingo, akuti mwendo, koma dzulo lake anauponda bwino kupita kuukwati. Alamu anu a Sakala anatumiza nkhuku yodwala chitopa. Ndi a Yohane, mng'ono wanu wa bere limodzi, amene ndiwo za kunyumba kwawo zakoma ndi mchere wanu zaka zonsezi: tsiku limene tinkakukwirirani anali pakhonde pawo, akumeta ndevu.