Situdiyo ya Pansi pa Bulangete

Lolemba
Pulani ndi iyi: kumasulira anime, filimu ya katuni ya ku Japan, m'Chichewa, ine ndi Gondwe, mnzanga wa ku sekondale. Filimuyo ndi ya anyamata awiri amene akuyambitsa kampani yopanga maloboti. Gondwe Chingerezi amachitha, ndipo chimuchotsereni ntchito ya ukalaliki sakutuluka m'nyumba ku Chilomoni. Wavomera monyinyirika.
Zida: foni yanga, bulangete, ndi laputopu ya kasitomala amene anaisiya pa benchi yanga yokonzera mafoni ku Chemusa.

Lachiwiri
Tikujambula kwathu. Zomwe zalowa m'mawu: tambala, chigayo cha kuseli, mayi wa makala. Mnyamata wa m'filimu, wa tsitsi la buluu, akuti, "Tidzagwedeza dziko lonse," kumbuyo kukumveka "Makalaaa!" Komabe Gondwe wakwera minibasi ziwiri kuti afike kuno. Ndikuthokoza.

Lachitatu
Tasamukira kwawo. Tonse awiri mitu m'bulangete kuti phokoso lisalowe, kutentha ngati mu uvuni. Vuto latsopano: Gondwe sakumasulira, akutsutsana ndi anthu a m'filimu. "Amenewa analembetsa kampaniyi? Laisensi ili kuti?" Zikamukhudza mtima akuthawira ku Chitumbuka. Loboti yalankhula Chitumbuka kawiri.

Lachinayi
Takangana. Aliyense akufuna kukhala wa tsitsi la buluu, palibe akufuna kukhala mnzake, amene m'filimumo amangolira. Alamu, akazi a Gondwe, aweruza ali kukhitchini: wolirayo ndine. Ndalira kuyambira m'mawa mpaka masana. Aneba atuma munthu kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Lachisanu
Tanyamula magawo awiri kupita kwa mwini vidiyo sho ku Ndirande. Waonera mwaulemu, kenako: "Akulu, ndewu iyamba liti?" Tamuuza kuti mulibe ndewu, muli mamitingi. "Nanga afa ndani?" Palibe. Watigulira chinangwa chokazinga ndi kutiperekeza mpaka pa siteji. Munthu wabwino.

Loweruka
Mwini laputopu wabwera, patatha miyezi isanu! Akupita ku Mulanje lero lomwe. Wanyamula zonse: magawo awiri, kulira kwanga, loboti ya Chitumbuka. Kukopera sindinakumbuke. Ndamuimbira Gondwe kumuuza. Waseka mpaka kutsokomola, foni mpaka kuduka.

Lamulungu
Kampani yathu yatha. Palibe filimu, palibe laputopu, bulangete lanyowa ndi thukuta.
Titaweruka ku tchalitchi ndapita ku Chilomoni kukapepesa. Ndapeza Gondwe wameta ndevu, akusita malaya, makalata ofunsira ntchito ali pa tebulo. Alamu andipatsa mpunga wa nyemba, mbale yodzaza. Potuluka anditsatira mpaka pa geti.
"Alamu, bambowa anatha miyezi itatu osaseka. Mawa mubwerenso, ngakhale palibe chojambula."
Ndavomera. M'minibasi monse ndakhala ndikuganiza china choti tikalephere limodzi.