Mfuti Yaifupi ndi Nkhunda za a Nambewe

Lolemba

Nyemba. Dzulo nyemba, dzana soya pisi, lero nyembanso. Chinenere adokotala kuti magazi anga akuthamanga ndipo ndileke nyama yamafuta, a Nambewe, mayi a kunyumba kuno, akuchita ngati analetsa nyama iliyonse imene Mulungu analenga. Ndikukayikira kuti anapangana ndi adokotalawo pamene ine ndinatuluka kukakwera sikelo. Iwo anatsalira m'chipindamo, ndipo ndinamva kuseka.

Chotero ndatsimikiza mtima. Ndipeza mfuti ya mpweya, ya tizipolopolo tating'ono tija, ndizikasaka njiwa ndi nkhwali kumunda kwathu kuseri kwa Likuni. Njiwa ilibe mafuta. Pa mfundo imeneyi palibe dokotala amene anganditsutse.

Mfutiyo iyenera kukhala:
1. Yaifupi, yoti ibisike m'mphasa yopinda, anthu a mu minibasi asadziwe.
2. Yopepuka, pakuti phewa lamanjali lili ndi nyamakazi.
3. Yosasokosa.
4. Yoti a Nambewe asaione. Mfundo iyi ndiyo yaikulu, ngakhale ndaiika pomaliza.

Dongosolo: mawa kusankha, mkuja kuyesa, Lachisanu kusaka, Lamulungu kudya njiwa.

Loweruka ndili ndi ntchito yaulemu. Abusa asankha ine kuti ndikalangize banja latsopano pa ukwati wa kutchalitchi kwathu. Ine, osati a Gondwe a kuseri kwa mpandawu, amene akhala akuilakalaka ntchitoyi chikhalire mkulu wa mpingo. Chifukwa chake Kawale yense akuchidziwa: nkhunda za a Nambewe. Anthu kuno amati nkhunda sizikhala pakhomo pamene pali mkangano, zimasamuka. Zathu chikwatirane sizinasamukepo. Ine, monga mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, sindikhulupirira zoterezi. Komabe sindiona chifukwa chotsutsira chinthu chimene chikundinenera zabwino.

A Gondwe andipatsa moni m'mawa, andipatsanso masana. Akufunanji?

Lachiwiri

Ku Mchesi, kwa Che Jafali, amene amakonza makina osokera, mapampu a njinga, ndi zina zimene saziika poonekera. Ndavala tayi kuti adziwe mtundu wa munthu amene akulankhula naye. Kwa a Nambewe ndanena kuti ndikukakonzetsa nsapato.

Mawu ake oyamba: "Madala, zikuyenda?" Madala! Ine amene ndinaphunzitsa anthu amene lero akuyenda pa galimoto za boma! Ndamuwongolera modekha. Tsopano akuti "Madala a Hedi". Ndazisiya.

Watulutsa mfuti zitatu pansi pa tebulo.

Yoyamba: yaitali ngati mtengo wothyolera mapapaya. Kuti muitchere muyenera kuipinda pakati ndi mphamvu za munthu wonyamula matumba a simenti. Ndayesa. Phewa lalira, mfuti osapindika. Iye akuti, "Imeneyi ndi ya ku Jeremani." Zilembo zimene zili pathupi pake si za Chijeremani. Ndikudziwa, ndinaphunzitsa za maiko.

Yachiwiri: ili ndi kagalasi koyang'anira pamwamba. Ndikasuzumira ndikungoona mdima. Akuti vuto ndi diso langa. Ndikukhulupirira kuti kagalasiko anakachotsa pa tochi yakufa.

Yachitatu: yaifupi. Ndaiyerekeza ndi ambulera yanga, zikungofanana. Yopepuka moti ndainyamula ndi dzanja limodzi, la nyamakazi lomwelo. Thako lake analikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndafunsa chifukwa chake. Akuti, "Fashoni." Ndafunsa ngati imasokosa. Akuti, "Iyi imanong'ona, Madala. Njiwa imagwa isanamve n'komwe."

Wavomera mofulumira kwambiri kuti ndiitenge ndikaiyese kaye. Munthu woona mtima akanakanako pang'ono. Za chilolezo akuti tidzakamba ndikaikonda. Yankho limenelo silinandikhutiritse, ndidzakafunsa ndekha kwa oyenera.

Pobwerera ndakwera kabaza, mfuti ili m'mphasa. Wopalasa akuti, "Agogo, mphasa yanuyo ndiye yaumatu." Ndamuuza kuti ayang'ane msewu.

Mfutiyo ndailowetsa pansi pa matiresi, mbali yanga. Chitseko cha kuchipinda ndakhoma. A Nambewe afunsa kuti nsapato zija zili kuti. Ndayankha kuti sanamalize kusoka. Ayang'ana kumapazi kwanga, kumene kuli nsapatozo. Kenako ayang'ana ine. Kayang'anidwe kameneka sindikukakonda.

Lachitatu

A Nambewe apita kuchigayo. Mpata!

Chandamale: chitini cha mkaka pamwamba pa njerwa, kuseri kwa nyumba. Ndayang'ana mbali zonse. Nsalu ya pawindo la a Gondwe yagwedezeka. Mwina mphepo. Kulibe mphepo.

Zotsatira za kuyesa:
Kufupika: zoona.
Kupepuka: zoona, koma yapepuka mopitirira. Mfuti yolemera ikanakhala phee m'manja. Iyi ikunjenjemera pamodzi ndi ine.
Kunong'ona: BODZA LENILENI!

Kuwombera koyamba, chitini chili pomwepo. Kachipolopolo sindikudziwa kumene kalowera. Kwachiwiri, chitini chili pomwepo, koma papaya limodzi mumtengo likukha utomoni. Kwachitatu ndatsinzina diso lamanzere monga amachitira asilikali. Ndiye phaa! Kenako ngwee! pa lata la khola la nkhunda.

Zoterezi sindinazionepo. Zonse nthawi imodzi, phaphapha, kumwamba! Ina yamawanga ili patsogolo. Zazungulira nyumba yathu ngati zikutsanzika, kenako zatera pa denga la a Gondwe. Madenga onse a m'Kawale muno alipo, koma zasankha la a Gondwe!

Palibe imene yavulala. Pansi pali nthenga zokha, pa lata pali kabowo. Ndamwaza gaga. Ndaziitana ndi lilime monga amachitira a Nambewe, ngakhale kuti phokoso lotero siliyenera munthu wa msinkhu wanga. Zikungondiyang'ana chammbali, ndi diso limodzi.

A Nambewe afika ndi ufa pamutu. Aima pakhola nthawi yaitali. "Abambo, nkhunda zanga zili kuti?" Ndayankha kuti nkhunda ndi zolengedwa zaufulu.

Zibwera dzuwa likamalowa. Nkhunda imagona kwawo.

Dzuwa lalowa. Sizinabwere.

Lachinayi

Sizinabwere. M'mawa ndasuzumira pa mng'alu wa mpanda: a Gondwe ali ndi mbale m'manja, akumwaza kanthu. Mtedza! Munthu amene amapatsa mlendo tiyi wopanda shuga, lero akudyetsa mbalame mtedza! "Zabwera zokha, a Hedi," akutero ndisanawafunse. "Nanga alendo ndingawapirikitse?"

Amene ndikuwaganizira:
A Gondwe, mosakayika konse.
Che Jafali. Kodi sadziwana ndi a Gondwe? Mayi Gondwe ali ndi makina osokera!
Nkhunda yamawanga. Chiyambire sinandikondepo.
Adokotala, amene anayambitsa zonsezi.

Moni wa anthu wasintha. Mayi wogulitsa mandasi pakona akuti, "Kunyumba kuli bwanji, abambo? Ndikutanthauza kwenikweni." Wometa tsitsi wazimitsa makina ake pamene ndimadutsa. Mlembi wa mpingo wandigwira dzanja osalisiya, nati, "Tonse ndife anthu, a Hedi."

Masana a Nambewe apita ku mapemphero a amayi. Abwerako maso ali psuu. Zikumveka kuti amayiwo anawaika pakati nawapempherera, wina mpaka kulira mokweza. Palibe amene anawafunsa ngati takangana. Afunsirenji, nkhunda zanena kale.

Ndikulemba pano momveka bwino: SITINAKANGANE. Komabe madzulo ano ndawafunsa chifukwa chimene analolera kupemphereredwa, iwo andifunsa chifukwa chimene ndikukhomera chipinda, ndipo mawu akwera pang'ono mbali zonse ziwiri. Nsalu ya a Gondwe yagwedezeka.

Ndalingalira zowauza zoona. Koma ndikatero mfuti ipita, njiwa zipita, ndipo ndidya soya pisi mpaka kumanda. Ndipirira kufikira mawa. Ndikadzalowa pageti ndi nkhwali m'manja, nkhani yonse idzamveka yokha, ndipo Loweruka ndidzaima patsogolo pa mpingo dzina langa lili loyera.

Msana ukupweteka. Mfutiyi ndi yaifupi, inde, koma pansi pa matiresi imamveka yaitali.

Lachisanu

Tsiku losaka! Jombo ndavala, chipewa ndavala. Ndisanapinde mphasa, "Odi!" Alamu anga a Mbewe, mlongo wawo wa a Nambewe, nkhoswe ya ukwati wathu, atavala suti yawo ya pamaliro. Wawaitana ndani? A Nambewe akuti si iwo. Ine ndikudziwa munthu wina kuseri kwa mpanda amene ali ndi foni komanso nthawi.

Tili pabalaza. Tiyi akuzizira, palibe womukhudza. Alamu ayambira kutali, za mvula, za feteleza, za mwendo wawo. Kenako: "Alamu, nkhunda sizinama. Mwamutani mlongo wangayu?"

Ndayankha kuti funsolo lilibe maziko.

Apo a Nambewe atsegula pakamwa:
Lachiwiri anavala tayi kupita ku Mchesi, nanamizira nsapato zimene zinali kumapazi.
Akukhoma chipinda.
Akumasisita matiresi asanagone.
Akumwetulira okha, chinthu chimene sachita.

Alamu apukusa mutu. "Ku Mchesi eti? Mayi ameneyo ndi wa msinkhu wanji?"

Mayi! Ine! Mkulu wa mpingo! Apa ndaona kuti kutaya njiwa kuli bwino kusiyana ndi kutaya dzina. Ndaimirira mwaulemu, ndati, "Dikirani pomwepo, ndikuonetseni." Ndalowa kuchipinda, ndatuluka nayo m'manja.

Cholakwa choyamba: sindinayambe ndi kufotokoza. Mphunzitsi wabwino amayamba ndi mawu otsogolera, chithunzi pambuyo. Ine ndayamba ndi chithunzi.

Alamu, munthu woyendera ndodo, adumpha tebulo. Ndodo aisiya. Afika pamsewu akukuwa, "Mfuti! Atulutsa mfuti! Pulumutsani mlongo wanga!" Ine pambuyo pawo, kuti ndiwauze kuti ndi ya mpweya chabe ndipo mulibe kanthu m'kati.

Cholakwa chachiwiri: ndaiwala kuisiya m'nyumba.

Kawale yense waona mkulu wa mpingo, wovala jombo, akuthamangitsa nkhoswe yake ndi mfuti. Mayi wa mandasi wathawa, beseni kulisiya. A Gondwe ali pampanda, manja pamutu, ndi nkhope yachisoni imene ndikukhulupirira kuti anaiyeserera pagalasi.

A Nambewe okha ndiwo sanathawe. Ndawapeza pampando pomwe paja, chitenje kukamwa, mapewa akugwedezeka. Ndikuyesa akulira. Sindikutsimikiza.

Kumunda sindinapite.

Loweruka

M'mawa mlembi wa mpingo wafika, waima kunja kwa geti, wakana kulowa. Uthenga wa abusa: ndipumeko kaye, ntchito zandichulukira. Banja latsopano alilangiza a Gondwe. Ndafotokoza za mpweya, za tizipolopolo, za magazi othamanga. Iye akungoti, "Eya, eya," maso ali pa manja anga.

Kuukwati ndapita ndithu, pakuti kusapita kukanakhala kuvomera mlandu. Pa benchi pamene ndakhala patsala malo ambiri kumanja ndi kumanzere, chonsecho anthu ena aimirira kumbuyo.

A Gondwe alankhula nthawi yaitali, popanda mutu, popanda ndime. Pomaliza akuti, "Ana anga, mukamakhala mwamtendere, ngakhale nkhunda za eni zidzabwera zokha pakhomo panu. Ine ndaziona sabata ino." Nthungululu! M'manja! Ena atembenuka kuyang'ana kuno. Mfundo zanga, zimene ndinazisanja bwinobwino, zatsalira m'thumba la jekete.

Masana ndanyamula mphasa kupita ku Mchesi kukabweza katundu. Che Jafali wandionera patali. "Madala, ine ndimakonza makina osokera. Mfuti yanji?" Nkhani yafika ine ndisanafike. Akulumbira kuti sanandionepo chibadwire. Tsopano ndili ndi mfuti imene mwini wake akuikana.

A kabaza onse, ataona mphasa, akuti njinga zawo zaphwa. Ndabwerera wapansi.

Lamulungu

Ulaliki wa lero unali wa kupsa mtima. Sindikunena kuti amanena ine. Ndikungolemba kuti abusa sanayang'ane kwina.

Titabwerako a Nambewe andifunsa funso limodzi: mfutiyo inali ya chiyani? Ndawauza. Njiwa. Nyama yopanda mafuta. Aseka mpaka kupukuta misozi ndi duku.

"Abambo, adokotala analetsa ya ng'ombe ndi ya nkhumba. Mbalame sanaletse. Mukananena kuti nyemba zakukwanani, bwenzi ndikukupherani nkhunda Lamulungu lililonse. Khola linali lodzaza! Koma inu tsiku ndi tsiku mumangoti, 'Zikomo mayi, zakoma.'"

Ndi zoona. Ndimatero. Ndi mmene ndinaleredwera.

Mfuti ailanda. Akuti chitseko cha khola chizikhala chotsegula kuti nkhunda zione kuti zikulandiridwa, ndipo kamtengo kochirikizira kanathyoka kalekale. Ayesa mfutiyo. Yakwana ndendende. Yaifupi, yopepuka. Pa mfundo ziwirizi ndinasankha bwino.

Lamulo lina: madzulo aliwonse tizikhala awiri pakhonde, mipando yogundana, kuti nkhunda zione, anthunso aone. Akuti ndizisekako. Ndafunsa kuti ndiseke chiyani. Akuti ndikumbukire alamu akudumpha tebulo. Ndayesetsa kudzigwira. Sizinatheke.

Ndodo ya alamu idakali kuseri kwa chitseko. Sanatume munthu.

Ndiwo: nyemba. Ndati zakoma. Andiyang'ana. Ndabweza mawuwo.

Dzuwa litapendeka, imodzi yatera pa lata la khola, pafupi ndi kabowo kanga. Yamawanga ija. Yayang'ana mfuti. Yayang'ana ine. Sinalowe. A Nambewe akuti ndi chiyambi chabwino.

Ine ndikuti aituma a Gondwe.