Mmene Ndinasakira Netiweki pa Chiuta

Kukampu kwathu nkhaniyi aliyense amaifotokoza mmene akufunira, ndipo ine ndikati ndinene mbali yanga, anthu amayamba kuseka ndisanamalize ndi mawu oyamba omwe. Ndiye ndaganiza zokuuzani inu, poti nkhope yanga simuidziwa. Mukamva zonse muweruze nokha ngati wolakwa ndinali ine.

Ndine msilikali, kopolo, wa gulu loona za mawailesi. Kwathu ndi ku Balaka, kumene madzi ambiri amene ndinawaonapo ndili mwana anali a m'mgolo. Kusambira sindidziwa, ndipo sindinanamizepo munthu kuti ndimadziwa.

Akuluakulu athu atagamula kuti makampu onse alumikizane kudzera pa makompyuta, ine ndinasangalala. Anati zokuwa pa wailesi kuti "Ukundimva? Ukundimva?" zichepe. Gulu lililonse lilandire tabuleti yotumizira mauthenga ndi zithunzi, ndipo pamene gululo lili pazioneka pa mapu ngati kadontho. Poti ndinachitapo maphunziro a kompyuta, anandisankha kuti ndilumikize kampu yathu ya ku Balaka ndi timagulu tiwiri, kena ku Liwonde, kena kunyanja ya Chiuta, kufupi ndi malire. Anandinong'onezanso kuti zikayenda bwino usajeni uli pafupi. Mkazi wanga ndinamuuza tsiku lomwelo (apa pokha ndikuvomera kuti ndinapupuluma).

Ntchitoyo, kunena zoona, inali yophunzitsa anthu akuluakulu zinthu zimene sakuzifuna. Wina ankaika kapu ya tiyi pa tabuleti ngati mbale. Wina ankaiwala mawu achinsinsi olowera m'mawa uliwonse n'kumandikalipira ine, ngati ndine ndawabisa. Koma Liwonde ndinailumikiza bwinobwino, tsiku limodzi silinathe. Vuto linali Chiuta. Netiweki ya kumeneko ili ngati mvula ya kwathu ku Balaka: mitambo imachita kuda bii, anthu n'kuanula zovala, kenako osagwa ndi dontho lomwe.

Ndinapita kwa a Meja, amene ankayang'anira ntchito yonseyi, n'kuwauza mwaulemu.

"Bwana, ku Chiuta netiweki kulibe. Pakufunika kansanja kokokera netiweki, apo ayi tsiku loonetsa akuluakulu tidzachita manyazi."

A Meja sanadzutse n'komwe mutu. "Kopolo, iwe ndiwe msilikali kapena wogulitsa tomato?"

"Msilikali, bwana."

"Msilikali akatumidwa chinthu amabwera nacho. Netiwekiyo ukaipeze."

Ndinamenya saluti n'kutuluka. Mawu amenewo ndinawamva ine, anawamvanso kalaliki wawo, koma lero onse awiri akuti sakukumbuka.

Tsiku loonetsa, akuluakulu ochokera kulikulu anasonkhana m'holo ku Balaka, kutsogolo kwawo kuli sikirini yaikulu yoonetsa mapu. Dongosolo linali lakuti gulu lililonse lionekere pa kanema n'kupereka lipoti. Ine ndinali nditafika kale ku Chiuta dzulo lake pa njinga yamoto, kudzera ku Ntaja ndi Chikweo, fumbi mpaka m'makutu. M'mawa ndinayatsa tabuleti, n'kudina polowera msonkhano kuti netiweki ikangobwera ilumikize yokha. Ndinaiika m'kathumba kapulasitiki kosalowa madzi n'kuikoleka m'khosi. Sikirini inangoti bii.

Ndinakwera pachulu, osaphula kanthu. Ndinakwera mumtengo wa mango, nyerere zofiira zinandilowa mu yunifolomu, netiweki osabwera. Apo n'kuti wailesi yakale ija, imene timati yatha ntchito, ikumveka bwino kwambiri. A Meja ankalankhula ngati ali pakhutu panga.

"Kopolo, kadontho ka Liwonde kakuoneka. Kako kali kuti? Akuluakulu akhala pansi."

"Ndikusaka, bwana."

"Usandichititse manyazi."

Sajeni woyang'anira kagulu ka ku Chiuta anandimvera chisoni. Anati asodzi amaimbira foni ogula nsomba tsiku ndi tsiku, ndiye tiwafunse amaimbira pati. Tinatsikira kudooko n'kupeza bambo wina wachikulire, Che Saidi, akuyanika matemba pathandala. Titapatsana moni ndinawafotokozera vuto langa.

"Netiweki? Ilipo yambiri, achimwene, koma ili pamadzi," anatero. "Mukangodutsa bango ilo, foni imalira yokha. Kwende, tiyeni ndikuperekezeni."

Ndinayang'ana bwato lawo. Linali chimtengo chogoba, chopapatiza moti munthu wonenepa akanalowa ndi mwendo umodzi. Ndinayang'ana madzi. Kenako wailesi inaliranso dzina langa, ndipo ndinaona kuti pakati pa madzi ndi a Meja, bola madzi. Wailesiyo ndinamusiyira Sajeni chifukwa ndi yolemera, n'kulowa m'bwato.

Tsopano mvetsetsani bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona mlandu wanga. Titangodutsa bango, tabuleti inagwira netiweki n'kulowa mumsonkhano. Ku Balaka anayamba kundiona ndi kundimva. Koma ine sindinkawaona kapena kuwamva, chifukwa a Meja, pofuna kukweza mawu, anadina mabatani otseka kamera ndi maikolofoni a m'holomo, ndipo sankadziwa potsegulira. (Ndinawaphunzitsa. Ndinachita kumata kapepala kofiira pambali pa mabataniwo.) Kwa ine sikirini inali yakuda monga inalili m'mawa wonse. Ndinkangoona timizere ta netiweki pakona, kamodzi, kenako tiwiri, ndipo ndinkaganiza kuti sitinakwane.

Ndiye ndinaigwira tabuleti ija kutsogolo kwa nkhope, n'kumauza Che Saidi kuti apalase. Munthu ukakhala ndi mantha pakamwa pamayabwa. Che Saidi anandifunsa kuti bwana amene amandikalipira pa wailesi uja ndi ndani, ndipo ine ndinamasuka.

"Amenewo ndi a Meja athu, bambo. Kompyuta amaiopa ngati njoka. Akamalemba amagwiritsa chala chimodzi, ngati nkhuku ikutola chimanga. Koma akuluakulu akabwera, amaima kutsogolo ngati makinawo anawapanga okha."

Che Saidi anaseka. "Nanga akuluakuluwo sadziwa?"

"Adziwire kuti? Iwonso amangogwedeza mutu. Theka la iwo abwerera chakudya chamasana."

Ndinanena zimenezo, inde. Koma ndinkauza msodzi, pakati pa nyanja, kumene munthu aliyense ali ndi ufulu wodandaula za bwana wake. Sindinaitane munthu kuti amvetsere.

Timizere tinafika titatu. Ndinati tipitirire. Tinadutsa bango lina, kenako lina, timizere n'kudzaza tonse. Ndinayamba kudabwa kuti nanga bwanji sikirini ikadali yakuda. Nthawi yomweyo foni yanga ya m'thumba inalira. Unali uthenga wa m'Chipwitikizi. Chipwitikizi sindichidziwa, koma dzina la dziko ndinaliwerenga bwinobwino.

"Bambo, kodi tili pati pano?"

"Pafupi ndi kwa achimwene anga," anatero Che Saidi, akuloza nyumba zofolera udzu patsogolo pathu.

"Achimwene anuwo amakhala dziko liti?"

Anaganiza kaye pang'ono. "Ena amati ndi Mozambique."

Netiweki yonse ija, imene ndinkaithamangira ngati mwana wothamangira galimoto, inkachokera pansanja ya tsidya linalo. Tabuleti zathu anaziika makhadi ogwira netiweki iliyonse imene zapeza, ndipo palibe anaganizapo kuti netiweki ina ili m'dziko la eni. Anzanga amene anali m'holo akuti akuluakulu anaonerera kadontho kanga kakuyenda pang'onopang'ono, kufika pamzere wa malire, kuima ngati kakuganiza, kenako n'kuwoloka. Msilikali wovala yunifolomu, wopanda chilolezo, atanyamula makina a asilikali. Akuti a Meja ankakuwa dzina langa pa wailesi, Sajeni ali padooko n'kumangoyankha kuti, "Wapita, bwana, sakuonekanso."

Ndinauza Che Saidi kuti atembenuze bwato msanga. Akutembenuza, m'bango pafupi nafe munamveka chinthu chachikulu chikupuma mwamphamvu, fuuu, bango n'kugwedezeka. Za mvuu za pa Chiuta ndinali nditamva kale. Ndinachita chimene munthu aliyense wa ku Balaka akanachita: ndinaimirira kuti ndithawe. Kuthawira kuti, musandifunse. Bwato linapendekeka kamodzi, kawiri, ndipo tonse tinali m'madzi.

Zimene ndinalankhula m'madzimo ndazimva kambirimbiri kuchokera nthawi imeneyo, ndiye sindingakane. Ndinaitana amayi anga. Ndinayamba pemphero n'kulisiyira pakati. Ndinagwira Che Saidi m'khosi n'kuwauza kuti akauze mkazi wanga kuti asakwatiwe ndi msilikali wina. Miyendo ndinali nditaipinda, ndikumenya madzi ndi dzanja limodzi, tabuleti ikuvinavina pachifuwa panga n'kumajambula zonse.

"Achimwene," anatero Che Saidi modekha, "imirirani."

"Ndikumira, bambo."

"Iyayi, imirirani basi."

Ndinatambasula miyendo. Madzi analekeza m'chiuno. M'bango muja munatuluka ng'ombe, ikutafuna udzu, n'kutiyang'ana.

Pamenepo ndi pamene munthu wina ku Balaka anapeza batani lija. Tabuleti inayamba kulankhula pachifuwa panga. Choyamba ndinamva phokoso ngati la pamsika, ndipo panapita kanthawi ndisanazindikire kuti n'kuseka kwa holo yonse. Kenako kunati zii, n'kumveka mawu a mkulu wa alendo onse aja, wa nyenyezi zambiri paphewa. Analankhula mwaulemu, ulemu woopsa kuposa kukalipa.

"Kopolo, tikukuonani bwino ndipo tikukumvani bwino kwambiri. Takhala tikukumvani kwa kanthawi. Tsopano bwererani m'dziko lanu. Ife tikupita kukadya chamasana chimene tinabwerera."

Ndinamenya saluti ndili m'madzi, udzu uli paphewa. Pokwera m'bwato jombo imodzi inatsalira m'matope, ndipo ikadali komweko, kunja kwa dziko. Che Saidi sanandilankhule njira yonse yobwerera, kupatula kundiuza kuti ndikhale pansi ndipo ndisapumenso mwamphamvu.

Nditafika ku Balaka anandiitanira ku ofesi ya a Meja. Mlandu unali wowoloka malire popanda chilolezo, kuika makina pachiswe, ndi kutaya jombo ya boma. Za nkhuku sanatchule. Anangokhala pa kompyuta n'kulemba mlanduwo ine nditaima njo kutsogolo kwawo, ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi, akumandiyang'ana akadina chilichonse. Miyendo inachita dzanzi.

"Uli ndi chonena, Kopolo?"

"Bwana, ndinanena kuti ku Chiuta kulibe netiweki. Munati ndikaipeze."

"Ndinati ukaipeze ku Mozambique?"

"Simunanene dziko, bwana."

Yankho limenelo linandiwonjezera masabata otchetcha udzu kuseri kwa holo. Usajeni unapita kwa mnzanga wa ku Liwonde, amene ntchito yake yonse inali kukhala pampando pafupi ndi nsanja ya netiweki n'kunena kuti zonse zili bwino. Mkazi wanga, amene nkhani inamupeza ine ndisanafike pakhomo, anangondifunsa kuti, "Ndiye mwati msilikali ayi. Nanga wapolisi?"

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti pasanapite nthawi kansanja kaja kanabwera ku Chiuta. Akuluakulu anati aona okha kuti vuto lilipo. Makhadi a m'matabuleti anawasintha kuti asamagwire netiweki yakunja. Ndipo pamsonkhano wotsatira anayamikira a Meja chifukwa chokonza chionetsero chimene chinaulula mavuto enieni a kumalire. Anawaombera m'manja. Ine ndinamva kuombako ndili panja ndi chikwakwa.

Mwina mukuganiza kuti zinathera pomwepo. Makina aja amasunga msonkhano uliwonse, ndiye kanema yense alipo, kuyambira pa nkhuku mpaka pa ng'ombe. Akuluakulu analamula kuti aziwonetsedwa kwa asilikali onse ophunzira za matabuleti, pa phunziro la kusamala pakamwa makina akakhala oyatsa. Ndipo poti pakampu pano wodziwa kulumikiza kompyuta ndi sikirini yaikulu ndine ndekha, woonetsa kanemayo ndine. Ndimaima pambali, n'kudina, n'kumadzimvera ndekha ndikuitana amayi, ophunzira akugwa m'mipando. Ena amapempha kuti ndibwereze pa ng'ombe paja.

Tsiku lina nditatopa nazo ndinamufufuta kanemayo mwakachetechete. M'mawa mwake ndinamupeza wabwerera. Ndinaiwala kuti ndine ndemwe ndinakonza zoti chilichonse chosungidwa ku Balaka chizisungidwanso chokha ku Liwonde ndi ku Chiuta, kuti china chikatayika chibwezeretsedwe. Pa ntchito yonse ija, mbali imeneyo ndi imene ndinaigwira bwino koposa, ndipo mpaka lero sinalepherepo ndi tsiku limodzi lomwe.